Nyerere Zinayi za pa Chipilala Chachitatu

Kagalasi kakang'ono ngati nzama kanagwa. Kanagwa mtunda wosapitirira chikhatho, m'kati mwa chitsulo chopopedwa mpweya wonse, ndipo kuwala kofiira kwa nyali ya leza kunakalondola, kuwerenga nthawi imene kakutenga. Kasanagunde pansi, kadzanja kachitsulo kanakawakha, n'kukakweza, n'kukasiyanso. Kunja kumangomveka thi, thi, thi, ngati mayi akusinja kuseri kwa phiri. N'chifukwa chake anthu a ku Balaka anawatcha makinawo Mtondo.

Dzina lake la m'mabuku linali mpimachikoka. Dziko lapansi limakoka chinthu chilichonse, koma silikoka mofanana paliponse. Pamene pansi pali mwala wolemera kapena madzi ambiri, chikoka chimakula pang'ono, ndipo madziwo akaphwa chimachepa. Kusiyanaku n'kochepa kwambiri moti akatswiri ankakuwerenga m'muyezo umene anangoutcha nyerere. Nyerere imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a chikoka chonse.

Pofika chaka cha 2071, boma lililonse linali ndi mpimachikoka wake. Mijigo yonse inali yoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo inkadzitsegula ndi kudzitseka yokha pomvera makinawo. Akati pansi pali madzi, anthu ankatunga mmene afunira. Akati achepa, mijigo inkaumira. Tsono makina a udindo wotere sakanangokhulupiriridwa chikhulupirire. Zaka zinayi zilizonse ankawabweretsa anayianayi ku Nyumba ya Muyezo, pa phiri la Mwalawoyera ku Dedza, kuti awafananitse. Amene wasiyana ndi anzake kuposa nyerere ziwiri ankachotsedwa ntchito. Boma lake linkadikira watsopano, mwina zaka ziwiri, ndipo nthawi yonseyo mijigo inkapereka mulingo wa chilala: zidebe ziwiri pa banja patsiku.

Mwandida Kalonjere ankazidziwa zidebe ziwirizo. Anakula nazo. Tsopano, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndiye anali wosamalira Mtondo, ndipo ndiye anabwera nawo kuphiri kuno, atakhala kumbuyo kwa galimoto ulendo wonse, dzanja lili pa bokosi ngati woperekeza wodwala.

M'nyumbamo munali zipilala zitatu za simenti, zofika m'mawondo. Makina aliwonse ankayenera kuyeza pa chipilala chilichonse, mosinthana, kamodzi kokha basi. Lamulo linkaletsa kubwereza, poopa kuti munthu akaona manambala a anzake akhoza kukasintha ake. Atatu enawo, ochokera ku Karonga, Mchinji ndi Nsanje, anali amakono. M'malo mwa kagalasi ankagwetsa timaatomu toziziritsidwa koopsa, ndipo ankagwira ntchito mwakachetechete ngati mphaka. Mtondo wokha ndi umene unkamveka.

"Achemwali, ufa wa mtondo wanuwu tidya liti?" anafunsa a Mwafongo, bambo wa ku Karonga, tsiku loyamba lomwe. Anthu anaseka. Mwandida anayang'ana pansi, yankho n'kumubwerera patapita ola lathunthu, monga zinkamuchitikira nthawi zonse. Koma anaonanso kuti a Mwafongo omwewo ndi amene ananyamula bokosi lolemera la Mtondo n'kukalifikitsa pa chipilala, uku akudandaula kuti likuwatsekera njira, chikhalirecho njira yawo inali kwina.

Wina amene Mwandida anamuona anali aNankhoma, mayi wachikulire wosamalira nyumbayo, amene ankasesa, kuphika tiyi ndi kusunga makiyi. Mmawa wa Lachiwiri, Mwandida anapeza juzi yaubweya itapindidwa pa mpando wake. Sanauze aliyense kuti mphepo ya ku Dedza ikumulowa m'mafupa. Atapita kukathokoza, aNankhoma anati sakudziwapo kanthu, mwina anaiwala mlendo wina chaka chatha, n'kupitiriza kusesa.

Mtondo unayeza bwino pa chipilala choyamba. Unayeza bwino pa chachiwiri. Lachitatu masana onse anatsika phiri kukadya chakudya cholandirira alendo kutauni, ndipo Lachinayi Mtondo unakwera pa chipilala chachitatu, uli womaliza pa onse. Unasinja tsiku lonse. Madzulo a Dokotala Kanyumbu, mkulu wa mafananitsidwewo, anaonetsa manambala pakhoma. Makina atatu aja anagwirizana ngati ana a mimba imodzi. Mtondo unatsalira m'munsi ndi nyerere zinayi.

A Kanyumbu sanali munthu wankhanza. Anafotokoza mofatsa kuti makina akale amatero, leza ikakalamba imasintha ndi kutentha, ndipo zaka makumi atatu si zochepa. Anati adzasaina chigamulo Loweruka m'mawa.

Mwandida anaganiza za mzere wa zidebe pa mjigo wa kwawo ku Utale, ndi za amayi ake amene nsana unali utayamba kale kuvuta. Koma pansi pa manthawo panali kafunso kamene kankamuyabwa kuposa manthawo. Chinthu chokalamba chimalakwitsa paliponse. Nanga Mtondo unanena zoona bwanji pa zipilala ziwiri, n'kukanama pa chachitatu chokha?

Lachisanu m'mamawa anayesa zonse zimene ankadziwa. Leza inali bwino. Wotchi ya m'kati inali bwino. Mpweya sunalowe. Anagwada kuti aone ngati miyendo ya makina inakhala mowongoka, ndipo ali chogwada choncho, anaona kachilombo kakuda kakutuluka mu mng'alu wa pakati pa chipilala ndi simenti ya pansi. Anakaika pa chikhatho. Anali nankafumbwe.

Anakhala nako kanthawi, akukayang'ana. Nankafumbwe sadya simenti. Anaweramira pa mng'aluwo n'kununkhiza, ndipo fungo limene linamufika linali la kwawo: chimanga chouma ndi mankhwala othira m'matumba.

Anatuluka n'kuzungulira nyumbayo. Mbali ya chipilala chachitatu phiri linkatsetsereka, ndipo kumunsi, kuseri kwa zitsamba, kunali kanjira kopondeka bwino kokafika pa kachitseko kachitsulo. M'fumbi munali mapazi ambirimbiri, ena a nsapato, ambiri opanda. Chitseko chinali chotsegula, ndipo aNankhoma anali m'katimo, akutolera njere zotayika n'kumaziika m'lichero.

Kachipindako kanali kotsika denga. Pakati pake pankadutsa phazi la chipilala, lokhuthala ngati mlambe waung'ono, ndipo molizungulira munali matumba a chimanga, mbali imodzi osanjikizana mpaka kudenga, mbali inayo pansi pali mbee, pongotsala zizindikiro za pamene panali ena.

ANankhoma sanadzidzimuke. Anamuyalira thumba lopanda kanthu kuti akhalepo, kenaka anafotokoza. Kale m'chipindamo munkakhala mabatire. Atawachotsa, mapepala analembedwa kuti chakwiriridwa, koma omanga anangoikapo chitseko n'kumapita. ANankhomawo ataona kuti ndi mouma, mozizira bwino, anauza amayi awiri atatu a kumudzi wa kumunsi. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano, aliyense amene wakolola bwino ankabweretsa, wina thumba, wina beseni. Kiyi ankakhala pansi pa mwala pakhomopo. Amene zamuthina ankabwera kudzatapa, ndipo munthu akamva mapazi a mnzake m'kanjirako ankapatukira kutchire, n'kumachita ngati akutola nkhuni mpaka mnzakeyo atadutsa.

"Ndiye simudziwa amene watenga?" anafunsa Mwandida.

"Ndikadziwa ndingamupatse bwanji moni kutchalitchi? Wanjala sayang'anidwa kumaso, mwananga. Ukamuyang'ana, chaka chamawa afera m'nyumba."

Mwandida anafunsa za mbali yopanda kanthuyo. ANankhoma anati Lolemba osaka mbewa anatentha tchire, moto n'kulowa m'mudzi wa kutsidya, n'kupsereza nkhokwe zisanu ndi ziwiri. Zimenezo sizinali zobisa, utsi unaoneka ndi aliyense. Choncho Lachitatu, alendo atatsika kukadya, amayi anabwera ndi kusenza matumba makumi atatu, mwakachetechete, kuti asasokoneze ntchito ya mabwana.

Mwandida anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pafumbi. Matumba makumi atatu, lililonse makilogalamu makumi asanu. Anayeza ndi mapazi kuchokera pamene panali mulu kufika pa chipilala, anayang'ana kudenga, anachulukitsa, anagawa. Atafika kumapeto anabwerezanso, kuti atsimikize. Yankho linatuluka lomwelo. Nyerere zinayi.

Anaseka, iye amene sankaseka pamaso pa anthu. Mtondo sunaname. Makina atatu aja anayeza chimanga chilipo, chikuwakokera pansi pamodzi ndi dziko. Mtondo unayeza chitachoka. Kagalasi kaja, kotsekeredwa m'chitsulo, kanamva kuti amayi asenza matumba.

Atawafotokozera, aNankhoma anagwira pakamwa. Anafunsa ngati makinawo amamvanso munthu akamadutsa. Mwandida anati amamva, pang'ono kwambiri, chifukwa chilichonse cholemera chimakoka chinzake, ngakhale iwo awiriwo pamene anakhalapo ankakokana. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti mwana woonda chonchi sangakoke ngakhale nkhuku. Kenaka nkhope yawo inasintha.

"Ndiye kuti madzi a kwanu tawatseka ndife."

ANankhoma anaika lichero pansi, n'kupitiriza.

"Pita ukawauze. Ntchito ndakalamba nayo kale ine."

Koma si ntchito yokha imene ikanatha. Mabwana akanadziwa, akanatseka chipindacho, ndipo mudzi wonse ukanamveka pa wailesi. Mwandida anakwera kanjira kaja mutu uli pansi, akufunafuna njira yopulumutsira Mtondo popanda kutchula chimanga. Anaipeza imodzi yokha, ndipo inkafuna kuti alankhule ndi a Mwafongo.

Anawapeza akumwa tiyi panja. Anaima patali pang'ono, n'kuyamba katatu mawu asanatuluke. Anawapempha kuti aike makina awo pa chipilala chachitatu kachiwiri, osati kuti zilembedwe, koma kungoona.

"Achemwali, mukufuna a Kanyumbu andidye wamoyo? Mwaona chiyani?"

"Sindinganene, bambo."

A Mwafongo anamuyang'ana nthawi yaitali, akuzunguza tiyi m'kapu. Kenaka ananena mokweza, kuti onse amve, kuti makina awo akuchita kaphokoso kachilendo ndipo akufuna kuwayesa asanawalongedze, ndiye poti chipilala chachitatu ndi chimene chili pafupi ndi khomo, aika pamenepo. Makinawo analibe phokoso lililonse chibadwire.

Patapita maola atatu nambala inatuluka. Inali m'munsi ndi nyerere zinayi, ndendende ngati ya Mtondo. A Mwafongo anaimba likhweru n'kukaitana a Kanyumbu. Wa ku Mchinji ndi wa ku Nsanje nawonso anaikapo awo, lamulo litaiwalika, ndipo onse ananena chimodzimodzi. A Kanyumbu anang'amba pepala la chigamulo pamaso pa Mwandida, n'kumupepesa.

Mwandida ankaganiza kuti zathera pomwepo. Sanawerengere chidwi cha munthu wophunzira. A Kanyumbu anayamba kuyendayenda m'chipindamo, maso akuwala. Anati chinthu cholemera ngati njovu yaing'ono chachoka pansi pa nyumbayo m'masiku awiri. Mwina thanthwe lang'ambika, mwina madzi akumba phanga. Ngati ndi choncho phiri likhoza kugumuka mvula ikayamba. Anatulutsa foni kuti aitane maloboti obowola miyala, ndiponso kuti anthu a mudzi wa kumunsi asamutsidwe msanga kufikira zitadziwika.

ANankhoma anali pakhomo ndi thireyi ya makapu. Anaiika pansi mosamala, anakonza chitenje, n'kugwada.

"Bwana, musasamutse anthu. Njovuyo ndi yanga."

Anafotokoza zonse, kupatula maina, poti analibe. Mwandida ankayang'ana zala zake za kumapazi, akudikira ukali. Koma a Kanyumbu anangofunsa kuti kwatsala matumba angati. Atamva kuti makumi anayi, anavula jekete.

Masana onse a tsikulo akatswiri a maboma anayi anakhala akusenza chimanga. Ankatulutsa thumba limodzi, n'kuthamangira kumtunda kukaona pakhoma. Mzere wa manambala unkatsika kachidutswa. Akalibweza, unkakwera. A Mwafongo, ufa uli mbuu m'tsitsi, anadzipinda m'kachipindako n'kukuwa kuti awayeze iwonso, ndipo makina a ku Nsanje anawapeza olemera ngati thumba limodzi ndi theka, zimene iwo anakana kwamtuwagalu. Mtondo, wochedwa pa onse, unkafunika mphindi makumi awiri kuti uone thumba limodzi, koma unkaliona. Mwandida anali asanasangalalepo chotere pa ntchito. A Kanyumbu ankangobwereza kuti palibe anaganizapo zoyeza nkhokwe osaitsegula.

Palibe anachotsedwa ntchito. A Kanyumbu analamula kuti chimanga chichoke pansi pa chipilala, koma anamangitsa kanyumba kabwino ka malata pafupi ndi msewu kuti chizikhalamo. Mtondo unabwerera ku Balaka ndi chiphaso chake, ndipo mijigo ya ku Utale sinaumire.

Zimene a Kanyumbu analemba za tsiku limenelo zinawerengedwa kutali. Pasanathe zaka zitatu kunabwera ampimachikoka ang'onoang'ono ngati botolo, okwera pa ngolo zodziyendetsa zokha. Ngoloyo inkadutsa pang'onopang'ono m'mudzi, n'kumva kulemera kwa nkhokwe ndi zipinda zosungira chakudya. Ikapeza nyumba yopepuka, mawa lake inkabwera ina yobiriwira, n'kuima pakhomo dzuwa likuswa mtengo, n'kuliza kabelu, n'kutsitsa thumba. Anaitcha Ngolo ya Chifundo. M'manyuzi ankati njala yobisika yatha, ndipo Mwandida ankanyadira mumtima, ngakhale dzina lake silinatchulidwe.

Zaka zinayi zitakwana, anakweranso phiri la Mwalawoyera ndi Mtondo. ANankhoma anali atapuma ntchito, choncho tsiku loyamba Mwandida anasiya Mtondo ukuyeza, n'kutsikira kumudzi kukawaona, atanyamula shuga ndi sopo. Anadutsa kanyumba ka malata kaja. Chitseko chinali pululu, m'kati muli mbuzi. Atafika kwa aNankhoma, anamuuza kuti sikanagwirepo ntchito ngakhale chaka chimodzi. Ndani akanalowa m'nyumba ya pamsewu, anthu a pa sitolo akuona? Obweretsa nawonso analeka, poti ngolo inalipo.

Akucheza pakhonde, panadutsa mayi wina atasenza thumba lolemera, thukuta lili kamukamu. Anapereka moni mwaulemu, n'kukalowa nalo m'nyumba yoyandikana nayo. Pa ngodya ya thumbalo pankatuluka kamzere kopyapyala, kakugwera m'njira. Mwandida anayang'anitsitsa. Sichinali chimanga. Unali mchenga wa kumtsinje.

Anatembenukira kwa aNankhoma, koma iwo anali atayang'ana kumbali, akuchotsa kaudzu pa chitenje chawo. Anadikira mpaka chitseko cha mnzawoyo chitatsekedwa, ndipo analankhula motsitsa mawu. Anati ngolo yoyeza idutsa mawa. Mayiyo ali ndi mwana wamkazi amene akufunsiridwa mbeta, ndipo sangalole kuti akuchimuna amve kabelu pakhomo pake. Nyumba zoterozo m'mudzimo zinalipo zingapo, zolemera bwino, ana akugona ndi mango osapsa.

"Makina anuwo amasiyanitsa mchenga ndi chimanga?"

"Ayi, amayi. Amangomva kulemera."

"Ndiye usakawaphunzitse," anatero aNankhoma. Kenaka anamufunsa ngati ku Balaka kuli mapanga ouma, obisika, oti n'kusungamo chimanga.

Mwandida anakwera phiri dzuwa likupendeka. Ali patali anayamba kumva Mtondo ukusinja wokha m'nyumba muja, wosalakwitsa ngakhale nyerere imodzi. Anaima m'njira n'kumvetsera, akudzifunsa kuti adzauza ndani, ndipo akadzanena, n'chiyani china chimene chidzaululike. Anthu anali ataphunzira kuyeza dziko lonse mpaka thumba limodzi la chimanga, koma manyazi a munthu wanjala, amene amalemera kuposa thumbalo, analibe makina owamva.